Battersea yadzuka, koma usiku amagona pafupi nayo ndani?

Loweruka lapitali ndinapitanso ku Battersea Power Station, kachitatu tsopano, ndipo nthawi zonse ndikangotuluka mu siteshoni ya sitima yapansi ija n'kukweza maso kuona machumuni anayi oyera aja mtima umagunda ndithu, sindinama ayi. Chinyumba chija n'chachikulu anthuni. Njerwa zake akuti zilipo pafupifupi 6 miliyoni, ukaima m'munsi mwake umaoneka ngati nyerere, ndiye ukalowa mkati umapeza mashopu mbali iyi mashopu mbali iyo, Uniqlo, Apple, Nike, mawotchi a Rolex ali pagalasi kuwala, malo odyera, malo oonera mafilimu, ana akuthamanga pa simenti yoterera makolo ali pambuyo ndi mapepala a zogula. Ndinakhala pa benchi kwa nthawi ndikungoyang'ana m'mwamba momwe zitsulo zakale zonyamulira makina zikadali, ndipo zinthu ziwiri zinkakokana mumtima mwanga, kusangalala kuti chinyumbachi sichinagwe, ndi kuwawidwa kuti pochipulumutsa anagulitsa chinthu chomwe sichinayenera kugulitsidwa. Nkhani yanga lero ndi imeneyi basi.

Kwa amene simunafikeko, iyi inali fakitale yopanga magetsi ndi malasha, ili m'mphepete mwa mtsinje wa Thames ku London kuno, chigawo cha Wandsworth. Anayamba kumanga mu 1929, magetsi oyamba anatuluka mu 1933, nthawi imeneyo inali ndi machumuni awiri okha, theka linalo anadzamaliza mu 1955 ndiye machumuni n'kukwana anayi. Amene anakonza maonekedwe akunja ndi Giles Gilbert Scott, yemwe uja anajambulanso timanyumba tofiira ta telefoni timene alendo amakonda kujambulitsapo. Malasha ankabwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku Wales ndi kumpoto chakum'mawa kwa England, matani oposa 1 miliyoni pachaka, sitima zake zafulati zopangidwa dala kuti zizidutsa pansi pa milatho ya mu Thames, zikafika pa doko makireni n'kumatapa malashawo. Pa nthawi yomwe inkagwira ntchito mwamphamvu, gawo limodzi mwa magawo asanu a magetsi a London yense linkachokera pamenepa. Theka loyamba linatsekedwa mu 1975, lachiwiri mu 1983, basi zii.

Ndiyambe ndi kuvomereza, chifukwa pali anzanga ena amene akangomva mawu oti mall amayamba kale kutukwana, amati chinyumba cha mbiri ngati chimenechi sungachisandutse msika wa nsapato ndi ma perfume. Ine ndimawamva koma sindigwirizana nawo kwenikweni. Taonani zomwe zinachitika pakati pa 1983 ndi 2012. Boma linali litachiika kale m'kaundula wa nyumba zotetezedwa mu 1980, kutanthauza kuti sungachigwetse, koma kuteteza papepala sikuletsa mvula. Kunabwera John Broome, uja wa malo otchuka amasewera a Alton Towers, ndi pulani yoti apangepo malo amasewera ndi zisangalalo, nduna yaikulu ya nthawi imeneyo Margaret Thatcher anabwera yekha mu 1988 kudzakhazikitsa ntchitoyo, anachotsa denga kuti atulutse makina, kenako ndalama zinatha mu 1989 ntchito n'kuima, chinyumba n'kutsala chopanda denga. Tangoganizani, nyumba yopanda denga m'dziko lomwe mvula imagwa chaka chonse. Kunabwera kampani ya ku Hong Kong ya Parkview mu 1993, inakhala nacho zaka zoposa khumi osamangapo chooneka. Kunabwera a ku Ireland mu 2006 anagula ndi mapaundi 400 miliyoni, mavuto a zachuma a 2008 aja anawapeza, pofika 2011 anali atagwa ndi ngongole. Olo timu ya Chelsea inayesako mu 2012 kuti imangepo bwalo la mpira. Zaka 29 chinyumba chikungowola, mbalame zikumanga zisa, zitsulo zikuchita dzimbiri, udzu ukumera momwe munali makina.

Ndiye munthu akandiuza kuti bola chikanakhala nyumba yosungiramo zakale kapena malo a zaluso ngati momwe anachitira ndi Bankside, fakitale ina ya magetsi ya Scott yemweyo imene inasanduka Tate Modern mu 2000, ndimamufunsa kuti nanga zaka 29 zonse zija boma linali kuti, bwanji silinatulutse ndalamazo. Bankside inali ndi denga lake, inali yocheperako, inapeza ndalama za lotale. Battersea inafika poti machumuni onse anayi anayenera kugwetsedwa n'kumangidwanso mofanana ndi akale chifukwa zitsulo za mkati mwa simenti zinali zitadyeka, ntchito imeneyo inatha mu 2017. Ndalama zoterozo sizichokera m'matikiti a anthu odzaona zithunzi. Amene anabwera ndi thumba lokwanira ndi gulu la makampani a ku Malaysia, SP Setia, Sime Darby ndi EPF, anagula mu 2012 ndi mapaundi 400 miliyoni, pulojekiti yonse ya maekala 42 n'kumawerengedwa kuti ndi ya mapaundi 9 biliyoni. Munthu woika ndalama zotere amafuna zibwerere, ndipo zimabwerera kudzera mu renti ya mashopu, maofesi ndi kugulitsa mafulati. Walira mvula walira matope, izi ndazivomera.

Ndipo zabwino zilipo, ndisabise. Pa 14 October 2022 zitseko zinatsegulidwa ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense amalowa ulele, palibe amakufunsa kuti wagula chani, ukhoza kulowa ndi botolo lako la madzi n'kuyenda holo zonse ziwiri, ya m'ma 1930 yokhala ndi matailosi okongola ija ndi ya m'ma 1950 yosakongoletsa kwambiri ija, n'kutuluka osawononga olo 1 paundi. Pa nthawi yomwe fakitale inkagwira ntchito munthu wamba sankalowamo, ndipo gombe lonse lija linali lotseka. Lero ukhoza kuyenda m'mphepete mwa madzi, kukhala pa udzu, kuona maboti akudutsa. Ndinaona bambo wina wachikulire atanyamula mdzukulu paphewa akumulozera chumuni chomwe muli chikepe chagalasi chokwera mamita 109, mwanayo kukamwa kuli yasa. Zimenezo ndi zenizeni ndipo ndi zabwino. Sitima yapansi ya Northern line inafikanso kumeneko mu September 2021, masiteshoni awiri atsopano, Nine Elms ndi Battersea Power Station, ndipo anthu a m'nyumba za khonsolo za ku Patmore ndi Savona amene kale ankadalira mabasi nawonso akukwera.

Koma tsopano ndikuuzeni za agogo ena amene ndimawasamalira ku ntchito kwanga, chifukwa ndi iwo anandisintha maganizo pa nkhani yonseyi. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ngati Amalawi ambiri kuno, ndipo agogo amenewa anakulira ku Pimlico, tsidya lina la mtsinje moyang'anizana ndi fakitaleyi, m'nyumba za khonsolo zotchedwa Churchill Gardens. Tsiku lina ndikuwapaka mafuta m'miyendo, kunja kukuzizira koopsa, ndinawaonetsa chithunzi cha machumuni pa foni yanga, ndiye anagwira foniyo ndi manja awo onjenjemera aja n'kuyamba kundifotokozera kuti ali mtsikana nyumba yawo inkafunda ndi kutentha kochokera mu fakitale imeneyo. Ine ndinayesa mwina zasokonekera m'mutu, ukalamba, koma ayi ndithu ndi zoona. Kuyambira 1950 madzi otentha otsala popanga magetsi ankadutsa m'mapaipi pansi pa mtsinje wa Thames kupita ku Pimlico, kumeneko anamanga chithanki chachitali chokutidwa ndi magalasi chosungiramo madziwo, chilipobe mpaka lero, ndipo kuchokera mmenemo kutentha kunkalowa m'nyumba pafupifupi 1,600 za anthu wamba. Anthu amene nkhondo inawagwetsera nyumba, anthu amene anazolowera kusonkha malasha pa mbaula ndi kusamba madzi a m'ndowa, anangoona atsegula mpope madzi otentha akutuluka. Agogowo amati mayi awo tsiku loyamba ankangotsegula ndi kutseka mpope osakhulupirira.

Apa ndi pamene mutu wanga unaima. Fakitale ija inali yauve, inkatulutsa utsi, anthu a ku Battersea ankapuma mwaye ndipo zovala zikayanikidwa panja zinkada, sindikuikometsera ayi. Koma m'masiku ake autsiwo panali ganizo loti chinthu chachikulu chikaima pakati pa anthu, anthu oyandikana nacho alawepo kanthu, olo kutentha kotsala kokha. Ndiye funso langa kwa Battersea yatsopanoyi ndi lomwelo, kodi chotsala chake chikupita kwa ndani, paipi yake yolowera kwa anthu wamba ili pati?

Paipi imeneyo inalipo papepala. Pomwe khonsolo ya Wandsworth inkavomereza pulani, eni pulojekiti analonjeza nyumba 636 zotsika mtengo, pafupifupi 15 pa nyumba 100 zilizonse, chiwerengero chomwe chinali chochepa kale poyerekeza ndi zomwe London imafuna. Mu 2017 anabwereranso ku khonsolo kukanena kuti ntchito yokonza chinyumba yakwera mtengo kuposa mmene ankaganizira, phindu lawo latsika, ndiye nyumba zija zichepe. Khonsolo inavomera. 636 inasanduka 386, nyumba 250 zinachoka, 15 inatsika kufika pa 9. Meya wa London Sadiq Khan anadzudzula poyera koma mphamvu yoletsa analibe. Nyumba 250 abale anga si nambala chabe, ndi mabanja 250, ndi ana amene akanakulira pafupi ndi Battersea Park n'kumapita kusukulu wapansi, ndi manesi, oyendetsa mabasi, okolopa, ife osamalira okalamba. Ndipo 386 zotsalazo sizili pagombe pomwe pali mphepo yabwino ndi maonekedwe a mtsinje, anazimanga chakumbuyo, kutsidya kwa msewu waukulu, kufupi ndi njanji.

Mmene zimayendera ndi chonchi, chifukwa ambiri timangomva kuti nyumba zachepa osadziwa kuti zimatheka bwanji. Kuno kampani ikafuna chilolezo chomanga chinthu chachikulu imasainirana ndi khonsolo mgwirizano umene amautcha Section 106, mmenemo ndi momwe mumalembedwa zomwe kampaniyo ipereke kwa anthu a m'dera, nyumba zotsika mtengo zingati, msewu, sukulu, paki. Koma pali khomo lakumbuyo, kampani ikhoza kubweretsa masamu ake oonetsa kuti ikapereka zonsezo phindu lake silifika pomwe imafuna, ndiye pulojekiti siingatheke. Masamuwo amakonza ndi akatswiri olipidwa ndi kampani yomweyo, phindu la kampani limalowa m'masamumo ngati chinthu chosakhudzidwa, ngati mtengo wa simenti kapena njerwa, ndiye chomwe chimatsala kuti chidulidwe ndi nyumba za osauka. Simudzamva kuti masamu avuta ndiye tachepetsa mashopu, kapena tachotsa nyumba zapamwamba zija za padenga. Mpeni umagwera mbali imodzi nthawi zonse. Komanso mawu oti zotsika mtengo asakunamizeni, m'malamulo a kuno renti yofika 80 pa 100 ya mtengo wa pamsika imawerengedwabe kuti ndi yotsika, ndipo ku Battersea 80 pa 100 ya renti ya kumeneko ndi ndalama zomwe munthu wa malipiro ngati anga sangazione olo atasiya kudya.

Ndikudziwa yankho la eni ake ndi owaikira kumbuyo, ndipo si lopusa ayi. Amati tinatenga bwinja lomwe aliyense analephera, tinamanganso machumuni, tinaikapo ndalama zambiri pa njanji ya Northern line, tabweretsa ntchito, Apple yaika likulu lake la ku UK mkati momwemo, kodi mukufunanso chani. Chabwino. Koma njanji ija sinali mphatso, popanda sitima yapansi mafulati aja sakanagulidwa pa mitengo imeneyo ndipo Apple sikanabwera, anamanga msewu wopita ku shopu yawo yomwe. Ndipo zoti kukonza chinyumba kwakwera mtengo, pogula mu 2012 ankachiona ndi maso kuti chilibe denga kuyambira m'ma 1980, anagula akudziwa, mtengo wogulira unali wotero chifukwa cha vuto lomwelo. Ukagula galimoto yakufa motchipa sungapite kwa aneba kukawauza kuti akulipirire gearbox. Bizinesi ndi kuika ndalama pachiswe, ikayenda bwino phindu ndi lako, mafulati a gawo loyamba mu 2013 anagulidwa pafupifupi onse m'masiku ochepa, nyumba zisanamangidwe n'komwe, palibe anabwera ku khonsolo kudzanena kuti zayenda bwino kuposa mmene timaganizira ndiye tionjezera nyumba za osauka. Nanga bwanji zikavuta olipira akhale anthu amene ali pa mndandanda wodikira nyumba, amene sanakhale nawo pa tebulo pomwe ankagwirizana?

Ine mlandu waukulu sindiupereka kwa a ku Malaysia, iwo anachita zomwe wabizinesi aliyense amachita, kupempha. Ndipotu pali chinthu chimodzi chomwe chimandikhudza, EPF ija ndi thumba la penshoni la anthu ogwira ntchito ku Malaysia, ndipo mu 2019 EPF ndi bungwe lina la boma la kwawo la PNB anamaliza kugula mbali ya malonda ya chinyumbachi ndi mapaundi pafupifupi 1.6 biliyoni. Ndiye renti ya mashopu aja ikukasamalira ukalamba wa kalaliki ndi wogwira ntchito m'fakitale ku Kuala Lumpur, dziko lawo linaganizira anthu ake mpaka kudzagula chuma ku London. Amene anayenera kuganizira anthu a ku Battersea ndi khonsolo, ndi iyo inali ndi cholembera, ndi iyo ikanati ayi. Mantha ake ndikuwamvetsa, zaka 29 za bwinja zimaopsa, unkaopa kuti awanso athawa. Koma pofika 2017 mafulati anali atagulitsidwa, machumuni atamangidwanso, njanji ikukumbidwa, Apple italengeza kale mu 2016 kuti ikubwera. Munthu amene wathira kale simenti yochuluka chonchi sathawa chifukwa cha nyumba 250.

Tsiku lina ndinadutsako m'mawa kwambiri ndikuchokera ku shifiti ya usiku, mashopu asanatsegule, ndipo Battersea ya nthawi imeneyo ndi ina. Kulibe ogula, kuli anthu a mayunifomu, mayi wina wakuda ngati ine akupukuta zitsulo zogwirira pa masitepe, amapopera mankhwala, kupukuta, kusuntha phazi limodzi, kupoperanso, mnyamata wina akukankha makina okolopera, alonda akusinthana, ena akutsitsa makatoni a zakudya kumbuyo. Tinapatsana moni wa m'maso ndi mayi uja, moni uja timapatsana anthu odziwana mavuto osadziwana mayina. Sindinawafunse komwe amakhala koma ndikudziwa mmene zimakhalira chifukwa ndi moyo wathu womwewo, kudzuka 4 koloko, basi yausiku, kusintha kawiri, ola ndi theka panjira kuti ukafike pamalo pomwe ukakolope pansi poti eni mafulati a pamwamba adzapondepo akadzuka. Amati pulojekiti yabweretsa ntchito, eya yabweretsa, koma ntchito yoti sungakhale pafupi nayo imakudya kawiri, imadya mphamvu zako masana n'kudyanso tulo tako ndi ndalama ya transport. Kale ogwira ntchito m'mafakitale a ku Battersea ankakhala m'misewu yomweyo yozungulira, dera lonse linali la anthu ogwira ntchito zamanja, njanji, gasi, makandulo. Lero dera lomwelo la Nine Elms ndi kumene kuli ofesi ya kazembe wa America kuyambira 2018, ndi dziwe losambira lagalasi lija lolenjekeka m'mwamba pakati pa nyumba ziwiri.

Chinanso chimandivuta ndi mmene mbiri ya anthu yasandukira chokongoletsera. Chipinda chomwe mainjiniya ankayendetseramo magetsi a theka lachiwiri, Control Room B, pano ndi bala, umamwa chakumwa chako uli pafupi ndi mabatani ndi mawotchi oyezera magetsi aja, anawapukuta bwino akuwala. Chinzake chakale chija, Control Room A, chomwe aliyense amati ndi chokongola kuposa china chilichonse mmenemo, sungangolowamo tsiku wamba, ndi cha maphwando ndi misonkhano yobwereka. Makireni awiri otapira malasha amene anali pa doko anawachotsa mu 2014 kuti akakonzedwe, masiku onse omwe ndapitako ine sindinawaone. Zitsulo, njerwa ndi mawotchi zasungidwa mwaulemu ndithu ndipo amene anagwira ntchito yokonzayo, a WilkinsonEyre ndi amisiri awo, anaigwira ndi mtima wonse, zimaoneka. Koma munthu amene ankalowa m'ma boiler kukachotsa phulusa, amene ankatapa malasha pa doko mu January mphepo ya mu mtsinje ikumubaya, mayi amene ankachapa ovolosi yakuda ija, ukayenda m'maholo muja sumumva. Umamva nyimbo za m'mashopu. Sindikuti aike chisoni paliponse, anthu amabwera kudzasangalala ndipo ndi ufulu wawo, koma njira yeniyeni yolemekezera anthu amenewo si chithunzi pakhoma ayi, ndi kulola kuti zidzukulu zawo ndi anthu ogwira ntchito a lero akhale ndi khomo lawo m'dera lomwelo.

Ndikamaona izi ndimakumbuka kwathu, osati chifukwa tili ndi chinyumba ngati Battersea, tilibe, koma chifukwa nkhani ya madzi ndi mpanda timaidziwa. Aliyense amene wayendako m'mbali mwa nyanja ku Mangochi kapena ku Salima waona mmene malo ogona alendo ndi nyumba za anthu andalama zatengera gombe, msodzi n'kumazungulira mtunda kuti apeze pokocheza bwato, amayi n'kumasowa pochapira. Ndipo tili ndi malo athu akale a m'mbali mwa nyanja, doko la Chipoka, Monkey Bay komwe Ilala inalumikizidwa isanayambe kuyenda mu 1951, Nkhata Bay. Tsiku lina munthu adzabwera ndi zithunzi zokongola za pakompyuta, mashopu, malo odyera, hotela, magetsi owala m'madzi, ndipo tidzaombera m'manja chifukwa malowo adzakhala atatopa ndipo tidzakhala tikufuna ntchito. Ine sindidzakana, ndidzaombera nawo. Koma ndikanakonda kuti tsiku limenelo pakhale munthu ku khonsolo wofunsa kuti njira ya kumadzi ikhala yotsegula kwa aliyense kapena ayi, anthu okhala pamenepo apita kuti, ndipo zomwe mwalonjezazi zikalembedwa kodi mudzabweranso pakatha zaka zisanu kudzati masamu avuta. Ngati khonsolo ya ku London yokhala ndi maloya ndi akatswiri ake inagonja, yathu idzafunika anthu oima kumbuyo kwake mwamphamvu.

Kuno nkhaniyi sinathe. Mu May 2022 anthu a ku Wandsworth anasintha khonsolo, chipani cha Labour chinatenga pambuyo pa zaka 44 za Conservative, ndipo nkhani ya nyumba inali pakamwa pa anthu ambiri pa chisankho chimenecho. Sindikukopa munthu kuti akonde chipani chakuti, makhonsolo a zipani zonse achitapo zoterezi m'madera ena a London. Chomwe ndikunena n'choti chiyambireni kusintha kuja mawu a khonsolo kwa eni malowa anasintha, mpaka anadzagwirizana zomanga nyumba za khonsolo pafupifupi 200 pa malo omwewo, nyumba za renti ya khonsolo yeniyeni osati ija ya 80 pa 100. Sizikubweza zonse zomwe zinatayika ndipo ine ndidzakhulupirira ndikadzaona makatani pa mawindo, koma zikuonetsa kuti malo analipo, ndalama zinalipo, chomwe chinkasowa mu 2017 ndi munthu wokana. Pa maekala 42 aja mbali ina sinamangidwebe, mapulani adzabweranso ku khonsolo, masamu adzabweranso.

Ndipo apa ndilankhule ndi Amalawi anzanga ndi abale a ku Zambia amene tili kuno, ambiri sadziwa kuti ife a maiko a Commonwealth ngati uli ndi chilolezo chokhala m'dziko muno uli ndi ufulu wovota, pa chisankho cha khonsolo ngakhale cha aphungu. Timadandaula za renti m'magulu a WhatsApp usiku wonse, chipinda chimodzi kudya theka la malipiro, banja lonse kugona m'chipinda chimodzi, koma kulembetsa m'kaundula wa voti zomwe zimatenga mphindi zochepa pa foni sitichita, timati ndife alendo za eni dziko sizitikhudza. Zikutikhudza, amene amasaina kuti nyumba 250 zichoke ndi makhansala amene amasankhidwa ndi mavoti ochepa kwambiri m'mawodi momwe ifeyo tikukhala. Ine ndinalembetsa chaka chomwe agogo aja anandiuza za mapaipi.

Lolemba nditabwerera ku ntchito ndinawaonetsanso zithunzi zatsopano, holo yodzaza anthu, chikepe chotulukira pamwamba pa chumuni, ana akusewera pa doko pomwe pankatsikira malasha. Anayang'ana nthawi yaitali, anasangalala kuti chinyumba chili ndi denga, anati akanakhala ndi miyendo akanapita kukaona mkati chifukwa moyo wawo wonse ankangochionera pawindo kutsidya kwa madzi osalowamo. Ndawalonjeza kuti kukayamba kufunda ndipempha chilolezo ndiwatengere pa njinga yawo ya olumala, pali chikepe kuyambira mu siteshoni mpaka mkati, ndipo tikatuluka tidzaima pagombe kuti aloze okha windo la nyumba yomwe anakuliramo.